Ufa wa pa Tichborne: zolemba za ulendo m'maparishi akale a ku England

Pa 23 Malichi, Winchester

Ndafika mumzinda wa Winchester, m'chigawo cha Hampshire kum'mwera kwa England, ndi cholinga chokaonerera mwambo wogawa ufa umene umachitika pa 25 Malichi chaka chilichonse m'mudzi wa Tichborne. Ndaona kuti n'kwanzeru kuyamba ndi mabuku ndisanakaone anthu, chifukwa mphatso ya tsiku limodzi pachaka singamveke bwino kwa munthu amene sakudziwa mmene osauka a m'midzi imeneyi ankapezera chakudya masiku ena onse otsalawo. Mabukuwo amasungidwa ku Hampshire Record Office, pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo aliyense amaloledwa kuwawerenga malinga ngati walembetsa dzina lake ndiponso wavomera kulemba ndi pensulo yokha.

Kuyambira mu 1601, m'zaka zomaliza za ufumu wa Elizabeth Woyamba, lamulo la dziko linaika udindo wosamalira osauka m'manja mwa parishi. Parishi ya nthawi imeneyo inali boma laling'ono la mudzi, lokhala ndi malire ake, msonkho wake ndi akuluakulu ake, ndipo mu England ndi Wales munali maparishi pafupifupi 15,000, ambiri mwa iwo aang'ono kwambiri moti aliyense ankadziwa mnzake. Chaka chilichonse, nyengo ya Pasaka, oweruza a m'chigawo ankaika amuna awiri, atatu kapena anayi kuti akhale oyang'anira osauka pamodzi ndi akuluampingo. Kawirikawiri ankakhala alimi opeza bwino a m'mudzi momwemo, sankalandira malipiro, ndipo ntchito yawo inali kutolera msonkho kwa aliyense wokhala ndi munda kapena nyumba, kupezera ntchito anthu amphamvu, kupereka ana osauka kwa amisiri kuti akaphunzire ntchito, ndiponso kudyetsa okalamba, olumala ndi akhungu. Lamulo lomwelo linkakakamiza makolo, agogo ndi ana kusamalirana ngati ali nazo, kotero kuti parishi inkalowererapo pamene banja lalephera.

Buku limene ndinaitanitsa, la parishi ina yakumudzi ya m'zaka za m'ma 1700, ndi la ndalama basi, lopanda nkhani kapena ndemanga, komabe munthu akaliwerenga modekha amaona mudzi wonse. Muli mndandanda wa olandira sabata ndi sabata, amene ambiri ndi amayi amasiye ndi nkhalamba, ndipo ndalama zake n'zochepa, sheleni imodzi kapena masheleni awiri. Kenako muli zogwa mwadzidzidzi: nsapato za mwana, nkhuni za m'nyengo yozizira, lendi ya nyumba, malipiro a mzamba, malipiro a mayi amene anadwazika mnzake, ndipo potsiriza bokosi la maliro, wokumba manda ndi woimba belu. Achikulire amene amakumbukira ndalama zimene tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971 sadzavutika ndi masamu ake, pakuti ndi omwewo: makobiri 12 ankapanga sheleni, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Chandigwira mtima n'chakuti wodwazika ndi wodwazikidwa ali m'buku limodzi, moti mayi amene chaka chino walipidwa chifukwa chochapira nkhalamba ina, munthu akatsegula masamba angapo amamupeza nayenso walowa mumndandanda wa olandira.

Chifundo chimenechi chinali ndi malire, ndipo malire ake anali enieni, a mtsinje ndi mpanda. Popeza parishi iliyonse inkasamalira osauka ake ndi msonkho wake, funso loyamba kwa wopempha linali lakuti kwawo n'kuti. Lamulo la 1662 linalola kuti mlendo amene akuoneka kuti m'tsogolo adzafuna chithandizo abwezedwe kwawo pasanathe masiku 40 chifikireni, pokhapokha ngati akulipira lendi ya mapaundi 10 pachaka, ndalama imene munthu waganyu sakanailota n'komwe. Pambuyo pake anawonjezera njira zina zokhalira mwana wa parishi, monga kugwira ntchito kwa bwana mmodzi chaka chathunthu, ndipo alimi ochenjera anayamba kulemba antchito kwa masabata 51 okha kuti chakacho chisakwane. Mkazi wokwatiwa ankatengera parishi ya mwamuna wake, pamene mwana wobadwa kunja kwa ukwati ankakhala wa parishi imene wabadwiramo, ndipo pa chifukwa chimenechi atsikana oyembekezera ankapirikitsidwa kuti akaberekere tsidya lina la malire. M'nyumba muno muli mapepala ambiri a mafunso amene oweruza ankafunsa anthu otere, za kumene anabadwira, amene anawagwirira ntchito ndi kumene anakwatira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mbiri ya wosauka inkalembedwa mwatsatanetsatane pa nthawi imene akuluakulu akufunafuna njira yomuchotsera. Mu 1697 lamulo linawonjezera manyazi pamwamba pa umphawi, polamula kuti wolandira chithandizo azisoka chilembo cha P paphewa la kumanja la chovala chake pamodzi ndi chilembo choyamba cha dzina la parishi, ndipo lamulo limeneli linachotsedwa mu 1810.

Pa 24 Malichi, St Cross

M'mawa uno ndayenda wapansi kutsatira mtsinje wa Itchen, kudutsa m'madambo a kum'mwera kwa mzinda, mpaka ku Hospital of St Cross, imene ngakhale ili ndi dzina la chipatala ndi nyumba yosungira okalamba. Anaikhazikitsa ndi Henry of Blois, Bishopu wa Winchester ndiponso mdzukulu wa mfumu William the Conqueror, m'zaka za m'ma 1130, kuti muzikhala amuna 13 osauka amene mphamvu zawathera, ndiponso kuti anthu ena 100 azidya pachipata tsiku lililonse. Kadinala Beaufort anaikulitsa m'zaka za m'ma 1440, ndipo lero muli malo a okalamba 25 otchedwa abale, ena ovala mikanjo yakuda ndi ena yofiirira malinga ndi amene anayambitsa mbali yawo.

Chotsalira cha kudyetsa anthu pachipata ndi kachidutswa ka buledi ndi kapu yaing'ono ya mowa, zimene mlonda amapereka kwa wapaulendo aliyense amene wapempha. Ndinapempha, ndipo bambo wapachipatayo anandipatsa osandifunsa dzina, dziko kapena parishi. Nditaganizira mapepala a dzulo aja ndinaona kuti kusafunsa kumeneku n'kosowa m'mbiri ya chithandizo cha kuno, ngakhale kuti n'kosavuta kukhala wowolowa manja pamene mphatso yake ikukwana pachikhatho. Chuma cha nyumbayi sichinafike kwa osauka nthawi zonse. Francis North, Earl of Guilford, amene anali mkulu wa St Cross kuyambira mu 1808 mpaka mu 1855, anadzilemeretsa kwambiri ndi ndalama za minda ya nyumbayi kufikira pamene nkhaniyo inafika m'manyuzipepala ndi m'khoti.

Vuto lomwelo linali m'midzi, koma mwakachetechete. M'matchalitchi ambiri akumidzi muli matabwa akuda opachikidwa pakhoma, olembedwa ndi zilembo zagolide, otchula anthu amene pomwalira anasiyira osauka munda kapena ndalama kuti phindu lake lizigulira buledi Lamulungu lililonse, kapena malasha ndi zofunda pa tsiku la Tomasi Woyera, pa 21 Disembala. Matabwawo ankapachikidwa poyera kuti mphatso isazimiririke m'matumba a oisunga, ndipo zambiri zinali ndi zoyenereza, monga zakuti wolandira akhale wa m'parishi yomweyo, azipezeka kutchalitchi, kapenanso akhale wosalandira ndalama za msonkho. Nyumba ya Malamulo inatuma anthu kufufuza mphatso zotere mudzi ndi mudzi kuyambira mu 1818 mpaka mu 1837, ndipo Charity Commission, bungwe limene limaziyang'anira mpaka lero, linakhazikitsidwa mu 1853.

Pa 25 Malichi, Tichborne

Ndinakwera basi kuchokera ku Winchester kukatsikira ku Alresford, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi m'kanjira kodutsa pakati pa minda. Tichborne ndi mudzi waung'ono wa nyumba zingapo zofolera udzu, ndipo tchalitchi chake cha St Andrew chili pakaphiri. Tchalitchicho n'cha Anglikani, koma mbali yake yakumpoto ndi kachisi wa banja la Tichborne, limene linakanirira pa Chikatolika m'zaka zonse zimene kutero kunkabweretsa chindapusa ndi ndende. Tsiku la lero ndi limene Akhristu amakumbukira mngelo Gabrieli akuuza Maria za kubadwa kwa Yesu, koma kwa anthu akale a kuno linalinso tsiku lolipira lendi ndi lokonza mapangano a minda, ndipo mpaka mu 1752 ndilo linali loyamba chaka pa kawerengedwe ka boma. Limagwanso kumapeto kwa nyengo yozizira, pamene zosungidwa zatha koma m'munda simunatuluke kanthu, choncho amene anasankha tsikuli ankaidziwa njala ya m'dziko lake.

Nkhani imene eni mudzi amasimba ndi yakuti, m'zaka za m'ma 1100, mayi wina wa banjali dzina lake Mabella, ali pafupi kumwalira, anapempha mwamuna wake, Sir Roger Tichborne, kuti asiyire osauka kanthu. Mwamunayo, amene nkhaniyo imamuonetsa ngati munthu wouma manja, anasolola chikuni choyaka pamoto n'kunena kuti adzapereka tirigu wa malo onse amene mkazi wakeyo angawazungulire chikunicho chisanazime. Mayiyo, amene sankathanso kuimirira, ananyamulidwa n'kuikidwa kumunda, ndipo anakwawa kuzungulira maekala 23, malo amene mpaka lero amatchedwa The Crawls, dzina lochokera ku mawu a Chingelezi otanthauza kukwawa. Asanatsirizike anasiya temberero lakuti, mphatsoyo ikadzangoleka, m'banjamo mudzabadwa ana aamuna 7, kenako m'badwo wotsatira ana aakazi 7, dzina lidzafa ndipo nyumba idzagwa. Imeneyi ndi nthano yapakamwa ndipo iyenera kumvedwa motero, koma mwambo wake ndi wakale ndithu, pakuti cha m'ma 1670 katswiri wojambula Gillis van Tilborgh anajambula banjali litaima kutsogolo kwa nyumba yakale ndi madengu a buledi, osauka akudikira pambali.

Masiku amenewo ankagawa buledi wophikaphika kwa aliyense amene wabwera, ndipo buledi akatha otsalawo ankalandira makobiri awiri. Apa ndi pamene panagona vuto. Mbiri ya mphatsoyi inakopa anthu ochokera kutali, eni minda oyandikana nawo anadandaula za anthu oyendayenda ndi za chisokonezo, ndipo mu 1796 oweruza a m'deralo anaimitsa mwambowo. Osimba nkhaniyi amakonda kuthamangira ku temberero, koma ine chaka chimenecho ndi chimene chandiimitsa, chifukwa chinatsatana ndi 1795, chaka cha njala ndi cha kukwera koopsa kwa mtengo wa tirigu m'dziko lonse. Sindikukayika kuti pakati pa khamulo panali akuba ndi zidakwa, monga zimakhalira paliponse pamene pali chaulere, koma n'zovuta kukhulupirira kuti anthu anachuluka pachipata m'zaka zimenezo chifukwa cha khalidwe loipa lokha. Mphatso inatsekedwa pa nthawi imene inafunika kwambiri, ndipo chifukwa chake chinali chomwe chija cha m'mabuku a ku Winchester, chakuti anjalawo sanali a kuno.

Zotsatira zake n'zimene zinachititsa kuti nthanoyi isaiwalike. Mu 1803 mbali ina ya nyumba yakale inagwa. Sir Henry Tichborne, amene analowa m'malo mwa bambo ake mu 1821, anabereka ana aakazi 7 popanda wamwamuna, ndipo mng'ono wake Edward anasintha dzina n'kukhala Doughty kuti alandire chuma cha wachibale. Banjalo linachita mantha n'kubwezeretsa mphatsoyo, koma mwa njira yatsopano: ufa m'malo mwa buledi, ndiponso kwa anthu a m'deralo okha. Mu 1947, pamene buledi ndi ufa zinkagulidwa ndi makuponi chifukwa cha kuchepa kwa chakudya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu a m'madera osiyanasiyana anatumiza makuponi awo kuti mwambowu usaduke. Mzere wa amuna wa banjali unatha mu 1968, koma ufa ukugawidwabe.

Masana anthu anasonkhana kutsogolo kwa Tichborne House atanyamula matumba, zidebe ndi nsalu zovekera pilo. Ufa unakhuthulidwa m'bokosi lalikulu lamatabwa, wansembe wa Katolika anapemphera, anawaza madzi odalitsidwa n'kufukiza lubani, ndipo kenako mayina anayamba kuitanidwa kuchokera pamndandanda. Oyenera kulandira ndi anthu a ku Tichborne, Cheriton ndi Lane End, ndipo muyezo wake ndi galoni imodzi kwa munthu wamkulu, imene ndi makilogalamu atatu ndi pang'ono, ndi theka la galoni kwa mwana. Ine monga mlendo ndinaima kumbuyo pamodzi ndi ojambula zithunzi. Kunena zoona, anthu amene ndinawaona pamzere sanaoneke osowa, pakuti ena anabwera pa magalimoto abwino, ndipo mayi wina wachikulire amene ndinacheza naye anandiuza moseka kuti ufa wake umathera m'makeke a adzukulu. Chimene chatsala m'mwambowu ndi umboni wa umwini: kulandira ufa wa pa Tichborne lero kumasonyeza kuti munthu ndi wa pamudzi, ndipo dzina loitanidwa pagulu, limene kale likanakhala la manyazi, tsopano ndi lonyaditsa.

Pobwerera ku Alresford ndinadzera ku Tichborne Down, kumene m'zaka za m'ma 1830 kunamangidwa nyumba yotsekeramo osauka a maparishi onse ozungulira, imene Angelezi ankaitcha workhouse. Kuchokera kumunda wa Mabella kufika kumeneko ndi ulendo waufupi wapansi.

Pa 26 Malichi, Selborne

Selborne ili kum'mawa kwa Alresford, pafupi ndi tawuni ya Alton, ndipo alendo ambiri amabwera kudzaona nyumba ya Gilbert White, m'busa amene anatchuka polemba za mbalame ndi zomera za m'mudziwu ndipo anamwalira mu 1793. Ine ndabwera chifukwa cha zimene zinachitika mu Novembala 1830, pamene osauka a parishi imeneyi anatopa ndi kudikira.

Nkhondo yolimbana ndi France itatha mu 1815, asilikali anabwerera m'midzi kumene ntchito inali yochepa kale, mitengo ya mbewu inatsika, ndipo msonkho wa osauka m'dziko lonse unakwera mpaka kuyandikira mapaundi 8 miliyoni mu 1818. Alimi, amene ndiwo ankalipira msonkhowo ndiponso ndiwo ankaugawa, anayamba kudula chithandizo. M'maparishi ambiri munthu wopanda ntchito ankatumizidwa kuzungulira kwa mlimi uyu ndi uyo, mlimi n'kulipira gawo la ganyuyo, parishi n'kuwonjezera lotsala, ndipo mnyamata wosakwatira ankalandira zochepa kuposa mnzake wapabanja pa ntchito yofanana. Pamwamba pa zonsezi panabwera makina opunthira tirigu, amene analanda ntchito yokhayo imene inkapezeka m'miyezi yozizira. Zipolowe zinayambira m'chigawo cha Kent, makalata oopseza ankasainidwa ndi dzina lopeka la Captain Swing, ndipo moto wake unafika ku Hampshire chapakati pa Novembala.

Pa 22 Novembala anthu a ku Selborne anaukira nyumba ya osauka ya parishi yawo, imene woyang'anira wake ankadedwa kwambiri, anasasula denga n'kuphwanya katundu, ndipo kenako anapita kunyumba ya m'busa, William Cobbold, n'kumukakamiza kusaina kuti chakhumi chimene alimi ankamulipira chitsike kuchoka pa mapaundi 600 kufika pa mapaundi 300 pachaka. Alimi sanawaletse, pakuti iwo ankanena kuti sangakweze malipiro chakhumi chisanatsike, ndipo m'mawa mwake khamulo linakachita chimodzimodzi kunyumba ya osauka ya ku Headley. Ndinaima pabwalo lotchedwa Plestor, pakhomo pa tchalitchi, n'kuona kuti zonsezi zinachitika pamalo ochepa kwambiri, pakati pa anthu odziwana mayina. Boma linatumiza oweruza apadera ku Winchester mu Disembala. Robert Holdaway, amene anaimirira khamulo pokambirana ndi m'busa, anaweruzidwa kuti aphedwe, ndipo chilangocho chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse ku Australia, pamene alimi aja anabwerera kuminda yawo. M'dziko lonse anthu 19 ananyongedwa ndipo pafupifupi 500 anatumizidwa kutsidya kwa nyanja.

Pa 27 Malichi, Newbury

Ulendo sutsatira zaka, choncho lero ndabwerera m'mbuyo kufika mu 1795. Speenhamland ndi mbali yakumpoto ya tawuni ya Newbury, m'chigawo cha Berkshire, ndipo palibe chokopa maso kupatula msewu wa masitolo ndi kansanja ka wotchi pamphambano. Kuno, pa 6 Meyi 1795, oweruza a chigawochi anakumana m'nyumba ya alendo yotchedwa Pelican, zokolola za 1794 zitakanika, nyengo yozizira itavuta, ndiponso nkhondo itasokoneza malonda a tirigu. Anasonkhana ndi maganizo oika malipiro ochepetsetsa a anthu aganyu, koma analeka n'kusankha kuti parishi iziwonjezera pa malipiro malinga ndi mtengo wa buledi ndi kukula kwa banja.

Muyezo wawo unali buledi wa galoni, wolemera pafupifupi makilogalamu anayi. Buledi ameneyu akamagulidwa sheleni imodzi, mwamuna ankayenera kukhala ndi masheleni atatu pa sabata, ndipo mkazi ndi mwana aliyense sheleni imodzi ndi makobiri 6, kotero kuti banja la ana awiri linkayenera kupeza masheleni 7 ndi makobiri 6, ndipo chimene malipiro aperewera parishi inkakwaniritsa. Mtengo wa buledi ukakwera ndi kobiri imodzi, gawo la mwamuna linkakwera ndi makobiri atatu, ndipo la ena onse ndi kobiri imodzi. Masamu amenewa andithandiza kuyeza mphatso ya dzana ija, chifukwa galoni ya ufa imatulutsa buledi mmodzi wotere, ndipo mwa kawerengedwe ka oweruzawo munthu wamkulu ankafunika mtengo wa atatu pa sabata. Ufa wa pa Tichborne, pamodzi ndi nthano yake yonse, ukanasunga munthu masiku awiri kapena atatu pachaka, ndipo masiku enawo ankamusunga ndi msonkho wa m'mabuku osasangalatsa aja.

Chigamulo cha ku Pelican sichinakhalepo lamulo la dziko, ngakhale kuti njira zofanana nacho zinafala m'zigawo zakum'mwera, koma dzina la Speenhamland linasanduka chitonzo. Katswiri wa zachuma Thomas Malthus, kuyambira mu 1798, ankaphunzitsa kuti chithandizo chimalimbikitsa osauka kubereka ana amene sangawadyetse, ndipo kafukufuku wa boma wa 1832 mpaka 1834, amene lipoti lake analemba ndi Nassau Senior ndi Edwin Chadwick, ananena kuti ndalama zowonjezera zinatsitsa malipiro n'kupha khama. Amene amatsatira zokambirana za Mtukula Pakhomo, umene unayambira ku Mchinji mu 2006, adzaizindikira mfundo yakuti wopatsidwa ndalama amaleka kugwira khasu. Mu 1963 ndi 1964 katswiri wa zachuma Mark Blaug anaunikanso nkhaniyi pamodzi ndi umboni umene ofufuza aja anasonkhanitsa, ndipo anapeza kuti malipiro otsika ndi kusowa kwa ntchito ndizo zinabweretsa chithandizocho, pamene ofufuzawo anaika nkhaniyo chadodolido. Ine ndili kumbali yake, ngakhale ndikuvomereza kuti alimi ena anagwiritsadi ntchito msonkho wa mudzi wonse kulipirira antchito awo.

Pa 28 Malichi, Andover

Lamulo latsopano la 1834 linalanda parishi mphamvu zake. Maparishi anaphatikizidwa m'magulu pafupifupi 600, gulu lililonse n'kukhala ndi komiti yosankhidwa ndi olipira msonkho ndiponso workhouse yake, ndipo mfundo yake inali yakuti moyo wa m'nyumbamo ukhale wowawa kuposa wa munthu waganyu wosaukitsitsa amene ali kunja, kuti wopempha akhale amene wasoweratu pogwira. Mwamuna, mkazi ndi ana ankalekanitsidwa pachipata. Mayi wamasiye amene kale ankalandira sheleni yake kwa mnansi wodziwa mbiri yake tsopano ankayenda mtunda kukaima pamaso pa anthu osamudziwa, ndipo ngakhale mnansi uja sanali wachifundo nthawi zonse, kunali kovuta kuti amumane munthu amene adzakhale naye m'tchalitchi Lamulungu lotsatira.

Workhouse ya ku Andover, tawuni ya kumpoto chakumadzulo kwa Hampshire, inamangidwa mu 1836, ndipo nyumba yake ya njerwa zofiira idakalipo mumsewu wa Junction Road, koma inasandutsidwa nyumba zokhalamo anthu, choncho ndinangoiona ndili panja. Woyang'anira wake, Colin McDougal, anali msilikali wakale. Amuna a m'nyumbamo ankapatsidwa ntchito yosinja mafupa a nyama kuti apange feteleza, ndipo mu 1845 zinadziwika kuti njala inawafikitsa polimbirana mafupa owolawo kuti akukute minyewa ndi kuyamwa mafuta a m'kati. Mmodzi wa a m'komiti, mlimi wotchedwa Hugh Mundy, ndiye anaulula, phungu Thomas Wakley anaifunsa nkhaniyo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo nyuzipepala ya The Times inailemba tsiku ndi tsiku. Ntchito yosinja mafupa inaletsedwa, komiti ya aphungu inafufuza mu 1846, ndipo mu 1847 bungwe limene linkayendetsa lamuloli kuchokera ku London linathetsedwa n'kulowedwa m'malo ndi lina loyankha ku Nyumba ya Malamulo.

Chimene olemba lamulo la 1834 sanayembekezere n'chakuti makomiti akumidzi anapitiriza kupereka ndalama ndi buledi kwa anthu ali m'nyumba zawo, ndipo m'zaka zonse zotsatira olandira kunja anali ochuluka kuposa otsekeredwa. Chifukwa chake china chinali cha masamu, pakuti kusunga nkhalamba m'kanyumba kake ndi masheleni awiri kapena atatu pa sabata kunali kotsika mtengo kuposa kuidyetsa ndi kuiveka mu workhouse. Makomitiwo anathetsedwa mu 1930, ndipo lamulo lonse la osauka linafafanizidwa mu 1948, koma kwa okalamba akumidzi kusintha kwakukulu kunabwera kale, mu Januwale 1909, pamene boma linayamba kupereka penshoni ya masheleni asanu pa sabata kwa anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo amene ankapeza zochepa. Ndalamayo inkachokera ku msonkho wa dziko lonse ndipo inkalandiridwa ku positi ofesi, kumene kalaliki analibe chifukwa chofunsira parishi imene munthu anabadwiramo. Komabe lamulo la penshoniyo poyamba linapatula anthu amene anali atalandirako chithandizo cha osauka, kotero kuti nkhalamba zosaukitsitsa za m'midzi ngati Tichborne ndi Selborne, zimene mayina awo anali kale m'mabuku a komiti, zinadikira mpaka mu Januwale 1911 kuti zilandire nawo.